Ma frame slider a njinga yamoto: wokhala ku Salima asankhe otani?

Owerenga ena a ku Salima alemba kuti: "Ndagula njinga yamoto ya Kawasaki Ninja 300 yogwirapo kale ntchito kuchokera ku South Africa. Ndimayenda nayo pakati pa Salima ndi Lilongwe, Loweruka ndimapita ku Senga Bay, ndipo nthawi zina ndimakaona makolo kumudzi chakumtunda kwa Khombedza kumene msewu wake ndi wafumbi. Mwezi watha inagwa itangoima pakhomo, pulasitiki ya m'mbali n'kung'aluka. Pa intaneti ndaona ma frame slider aataliatali a aluminiyamu, onyezimira komanso otsika mtengo, ndipo wowotcherera wina pa Kamuzu Road akuti atha kundipangira achitsulo. Ndisankhe ati, ndipo kodi amatetezadi njinga?"

Bambo, pa awiri amene mwatchulawo palibe amene ndingakulangizeni kuika pa njinga yanu. Amene akukuyenerani ndi ma slider (timitu timene timamangidwa m'mbali mwa njinga kuti tiyambe kukhudza pansi njinga ikagwa) aafupi, amene mutu wake ndi wa pulasitiki yolimba ya mtundu wa Delrin kapena nayiloni, okhala ndi kachitsulo m'kati modutsa bawuti, opangidwira Ninja 300 yeniyeniyo, ndiponso obwera ndi mabawuti olembedwa nambala ya kulimba kwake pamutu. Ndinenerenu kuti ngakhale abwino amenewa adzakuthandizani pa tala wa M14 ndi wa ku Senga Bay, pa msewu wafumbi wa kumudzi thandizo lawo n'lochepa, ndipo mukamathamanga akhoza kukulitsa vuto m'malo molichepetsa.

Anthu ambiri amagula ma slider poganiza kuti ntchito yake ndi kuteteza mapulasitiki a m'mbali kuti asakandike. Mapulasitiki akapulumuka ndi mwayi chabe. Slider imamangidwa pa bawuti imene imagwirizitsa injini ku felemu, ndipo imatulukira kunja pang'ono kupyola pulasitiki kuti njinga ikagona chammbali, iyo ikhale yoyamba kukhudza pansi ndi kunyamula mbali imeneyo kuti isakhule msewu. Zimene zikutetezedwa kwenikweni ndi zodula zimene zili m'kati: felemu, rediyeta, thanki, ndi zivundikiro ziwiri za injini, cha kumanzere chimene chimaphimba makina opanga magetsi ndi cha kumanja chimene chimaphimba kilachi. Zivundikirozi n'zopyapyala, ndipo njinga ikakhwekhwereza pa tala zimadyeka msanga mpaka kubooka, oyilo n'kutayikira pamsewu. Pulasitiki yong'aluka mutha kuimanga ndi waya n'kukafika kwanu, koma injini yopanda oyilo simungailizenso, ndipo zikakuchitikirani pa zitunda za ku Chezi kapena ku Mvera mudzafunika galimoto yoti inyamule njingayo. Choncho slider yabwino ndi imene imalola kudyeka iyo yokha mpaka kutha m'malo mwa zinthu zimenezi, ndipo slider imene ikukana kudyeka ikutumiza mphamvu ya ngoziyo kwina kumene simukufuna.

Njinga sigwa mofanana nthawi zonse. Kugwa kumene kunakuchitikirani pakhomo n'kopepuka kuposa konse, pakuti mphamvu yake ndi kulemera kwa njinga chabe, kumene pa Ninja 300 ndi makilogalamu opitirira pang'ono 170 ikakhala ndi mafuta, ndipo pamenepo slider iliyonse yomangidwa bwino imathandiza. Kugwa kumene ma slider anapangidwira ndi kwina: mwalowa pakona njinga itapendekeka, tayala laleka kugwira chifukwa cha mchenga umene mvula yakokololera pamsewu, kapena dizilo amene lole yataya, kapena mwafinya buleki yakutsogolo mwadzidzidzi pozemba mbuzi, ndiye njinga yagonera mbali yomwe inapendekekerayo n'kuyamba kutsetsereka pa tala. Palinso kugwa koipitsitsa, kumene tayala lakumbuyo limaterereka kenako n'kugwiranso mwadzidzidzi, njinga n'kudzuka mwamphamvu, kumuponya wokwera m'mwamba, iyo n'kuyamba kugubuduzika. Pa kugwa kotereku, komanso pogundana ndi galimoto, palibe slider imene ingakulonjezeni kanthu. Mukumbukirenso kuti mphamvu ya ngozi imakula mofulumira kuposa liwiro: pa makilomita 60 pa ola imawirikiza ka 4 poyerekeza ndi pa makilomita 30, ndipo pa makilomita 90 imawirikiza ka 9. Gawo lina la mphamvu imeneyo limakadutsa pa bawuti imodzi yonenepa mamilimita 10 okha.

Apa ndi pamene pali vuto la aataliatali amene mwawaona aja. Kwa wogula, kutalika kumaoneka ngati chitetezo chochuluka, poti njinga ikhala patali ndi pansi, ndipo pa kugwa kwa pakhomo zimenezi n'zoona ndithu. Koma munaonapo amakaniko akalimbana ndi nati yokana kumasuka, amalowetsa paipi yaitali ku sipanala, natiyo n'kugonja iwo osawonjezera mphamvu. Slider yaitali imachita zomwezo pa bawuti ya injini yanu. Njinga ikamatsetsereka, msewu umakoka nsonga ya slider chammbuyo, ndipo slider ikatalika kawiri, mphamvu yopinda bawuti pa tsinde pake imakulanso kawiri. Bawuti ikapindika imakankha malo amene yalowamo, ndipo malo amenewo ndi khutu la injini kapena la felemu.

Ndinaonapo njinga ya mtundu wofanana ndi wanu imene inabwera kudzakonzedwa itagwa pa liwiro losaopsa kwenikweni, ili ndi ma slider a aluminiyamu aatali. Mwini wake anali wokondwa, pakuti mutu wa slider unali utangokandika pang'ono ndipo pulasitiki ya m'mbali inali yosasweka. Pomasula, bawuti inkazungulira mopotoka, kulimba theka la ulendo ndi kufewa theka linalo, ndipo itatuluka tinaigubuduza pa galasi, mutu wake n'kumadumpha. Titapukuta khutu la injini ndi petulo n'kuunika ndi tochi, panaoneka mng'alu wopyapyala wochokera pa bowo kupita m'mphepete. Pulasitiki imene inapulumuka ikanagulidwa ina, koma khutu limenelo ndi gawo la thupi la injini, ndipo kuliwotcherera kumafuna munthu wodziwa aluminiyamu ndi makina amene si malo onse owotcherera ali nawo.

Kutalika koyenera ndi kumene kukungokwanira kuti slider ipyole pulasitiki pang'ono. Mutha kudziyezera nokha musanakhulupirire chithunzi cha wogulitsa. Njinga itaima chilili, wina ataigwira, tengani thabwa losalala lalikulu, muligunditse pa nsonga ya slider, pa mapeto a handulo ndi pa chopondera phazi kapena ekizozi. Thabwalo likuimira msewu, ndipo chilichonse chimene chalikhudza, kapena chimene chatsala pang'onong'ono kulikhudza, chidzakhula pansi njinga ikagwa. Mudzaona kuti slider payokha siinyamula njinga yonse, imangokhala malo amodzi mwa malo atatu kapena anayi amene njinga imagonerapo.

Tsopano za chimene mutu wa slider wapangidwira. Aluminiyamu ikakhula tala imakonda kuluma ndi kukodwa m'malo motsetsereka bwinobwino, ndipo popeza siifewa pogundidwa, kugunda konse imakupatsira ku bawuti ndi ku felemu. Delrin, amene ndi pulasitiki ya mtundu wa acetal imene kampani ya DuPont inayamba kupanga, komanso nayiloni yolimba ndi pulasitiki yotchedwa UHMW, zimadyeka pang'onopang'ono, zimaterera pa tala, ndipo zimafewako pogundidwa, motero zimachepetsa mphamvu imene ikanafika ku injini. Mukaona slider ya mtundu umenewu itagwira ntchito yake, mudzapeza mbali imodzi itaphwatalala, itadyeka mwina theka, ndipo mzere wakuda kapena woyera utatsala pamsewu. Imeneyo ndiye slider imene yalipira ndalama zanu. Aluminiyamu payokha si yoipa: pa ma slider abwino ndi imene amapangira tsinde, bulaketi ndi kachitsulo ka m'kati, koma osati nsonga yokhudza msewu.

Kachitsulo ka m'katiko musakapeputse. Pulasitiki ikafinyidwa kwa nthawi yaitali imaphwa pang'onopang'ono, makamaka pamalo otentha, ndipo kutentha kwa Salima mu Okutobala kuphatikizapo kwa injini n'kokwanira kufulumizitsa zimenezi. Ngati mutu wa bawuti wakhala pa pulasitiki, pakapita miyezi bawutiyo idzakhwepa yokha, ndipo kumbukirani kuti bawuti imeneyo ndi yomwe ikugwira injini. Pa slider yopangidwa bwino, bawuti imafinya chitsulo pa chitsulo kuyambira kumutu mpaka ku felemu, pulasitiki n'kungovala kunja. Suzumirani m'bowo musanalipire. Onaninso kuti mutu wa bawuti wabisala m'kati mwakuya, kuti pulasitiki ikamadyeka msewu usafulumire kuupeza, chifukwa mutu wa bawuti ukadyeka, kumasula kwake ndi ntchito ya tsiku lathunthu. Ndipo si pulasitiki yakuda iliyonse imene ili Delrin. Yotsika mtengo kwambiri kawirikawiri imakhala yopepuka m'manja, yamphako m'kati, yolira mopanda kanthu mukaigogoda ndi sipanala, ndipo imeneyo imaphwanyika pa kugunda koyamba, bawuti yokha n'kutsala ikukanda msewu.

Wowotcherera wa pa Kamuzu Road sakunama ponena kuti atha kupanga chinthu cholimba, ndipo kulimbako ndiye vuto lake. Chitsulo sichidyeka msanga, sichifewa pogundidwa, ndipo chikakhula tala chimathetheka moto, pomwe njinga yogona chammbali nthawi zina imadontha petulo. Choopsa china n'chakuti angafune kuwotcherera chitsulocho ku felemu. Musalole zimenezo ngakhale pang'ono. Moto wa kuwotcherera umafooketsa paipi ya felemu pamalo amene yatenthedwa, ndipo Ninja 300 ili ndi kakompyuta koyendetsa mafuta ndi moto wa injini, kamene magetsi a makina owotcherera akhoza kukaononga.

Mukamafufuza mudzapeza kuti ma slider amamangidwa m'njira ziwiri. Ena amakhala pa bawuti ya injini mwachindunji, ndipo popeza bawutiyo imabisika kuseri kwa pulasitiki, pamafunika kuboola pulasitikiyo kuti slider itulukire. Ena amabwera ndi bulaketi imene imasunthira slider pambali, pamene pali kale mpata, kuti musaboole kanthu. Ogula ambiri amathamangira achiwiriwa poopa kuononga maonekedwe a njinga. Kunena za kulimba, yokhala pa bawuti mwachindunji ili ndi mwayi woti mphamvu ya kugwa imalowa molunjika, pomwe bulaketi imawonjezera mkono wina wopindira bawuti. Komabe bulaketi zimasiyana. Yochindikala, yogwira malo awiri kapena atatu a felemu ndi injini, imagawa mphamvu bwino, ndipo ndingaivomereze mosakayika. Yopyapyala yogwira pa bawuti imodzi ndi imene ndimaikana, chifukwa ikapindika imalowetsa slider m'kati, n'kuswa pulasitiki imene mumafuna kuiteteza, mwinanso kufika pa rediyeta kapena pa mapaipi a madzi. Inu poti pulasitiki yanu ili kale ndi mng'alu, bowo lisakuopseni ngati wogulitsa ali ndi mitundu yonse iwiri ya njinga yanu. Poboola, pakani penti kapena mankhwala otsukira mano pa mutu wa bawuti, bwezerani pulasitiki m'malo mwake kuti chizindikiro chidindike m'kati, chotsaninso, boolani kabowo kakang'ono kaye kuti muone ngati kalunjika pakati pa bawuti, kenako mukulitse pang'onopang'ono mutamata tepi mbali yakunja kuti penti isasupuke. Musagwiritse ntchito chitsulo chootcha pamoto monga ena amachitira, chifukwa chimasungunula pulasitiki mopanda malire ndipo bowo limatuluka lopotoka.

Mabawuti ndi amene ndikufuna ndikhalitsepo, pakuti ngozi zambiri za ma slider zimayambira pamenepa, ndipo ndi pamene ife kuno timakonda kuchita zachidule. Slider ikalowa, bawuti yoyamba ya injini imachepa, choncho imafunika ina yotalikirapo. Yang'anani pamutu pake. Nambala 8.8 ikutanthauza chitsulo chimene chimaduka pa mphamvu ya ma MPa (muyeso wa kulimba kwa chitsulo) pafupifupi 800 ndipo chimayamba kupindikiratu pa 640, nambala 10.9 imaduka cha pa 1000 ndipo imayamba kupindika cha pa 900. Bawuti ya 4.6 kapena 4.8, kapena yopanda nambala iliyonse, ndi yomangira mageti ndi mabenchi, siiyenera kugwira injini. Ena amakonda bawuti zosachita dzimbiri chifukwa zimakhalabe zowala nyengo ya mvula, koma yodziwika kwambiri mwa izo, yolembedwa A2-70, imayamba kupindika cha pa 450, kutanthauza kuti n'njofooka kuposa ya 8.8 ngakhale ikuoneka yapamwamba. Lamulo losavuta ndi lakuti bawuti yatsopano isachepere mphamvu imene mwachotsayo, ndipo ngati ma slider abwera ndi mabawuti awo ochokera kwa wopanga wodalirika, gwiritsani ntchito amenewo.

Pali msampha wina wa mazinga. Njinga za ku Japan zimakonda kugwiritsa ntchito bawuti ya M10 ya mazinga oyandikana, otalikirana mamilimita 1.25, pomwe M10 imene mungaipeze m'mashopu a zitsulo nthawi zambiri ndi ya mazinga a 1.5. Ndi maso zimaoneka zofanana. Yolakwikayo imalowa kawiri kapena katatu, kenako imalimba, ndipo wothandizira amakaniko amene sakudziwa amangowonjezera mphamvu mpaka mazinga a m'kati atha. Ngati mazingawo ali mu nati, mwataya nati yokha, koma ngati ali mu aluminiyamu ya injini, mwadziputira ntchito yaikulu. Njira yodziwira n'njapafupi: gundanitsani bawuti yakale ndi yatsopano, mazinga a ina alowe m'mipata ya inzake, muziyang'ane pa kuwala. Akalumana bwinobwino kuyambira kumayambiriro mpaka kumapeto ndi ofanana. Bawuti yoyenera iyenera kulowa ndi zala zokha kangapo musanagwire sipanala. Kutalika kwakenso kuyezedwe: yaifupi imagwira mazinga ochepa n'kuzuka pa ngozi, ndipo yotalikitsa imakagunda pansi pa bowo isanafinye kanthu, inu n'kumaganiza kuti yalimba, kapena imang'amba chitsulo cha kumapeto kwa bowolo. Nthawi zambiri bawuti ndi slider za kumanzere sizifanana kutalika ndi za kumanja, choncho werengani pepala la malangizo musanazisakanize.

Pomanga, chitani mbali imodzi mumalize musanakhudze inayo, ndipo ngati bawuti yake ndi imodzi yodutsa mbali zonse, ikani jeke kapena chipika pansi pa injini kuti isatsike. Injini ikangotsika pang'ono mabowo salunjikananso, ndipo pamenepo ndi pamene anthu amayamba kukhoma bawuti ndi hamala. Mazinga apukutidwe, apakidwe mankhwala ogwira mazinga a buluu monga Loctite 243, amene amalola kudzamasulanso ndi sipanala. Ofiira amafuna kutenthedwa ndi moto pomasula, ndipo pamalo amenewa sakufunika. Kulimbitsa kwake kuchitike ndi sipanala yoyeza mphamvu, pa nambala imene ili m'buku la njinga yanu kapena pa pepala la wopanga ma slider. Ngati amakaniko anu ku Salima alibe sipanala yotereyi, ndi bwino kukamangitsa ku Lilongwe tsiku limene mwapita kumeneko kusiyana ndi kudalira mkono. Onetsetsaninso kuti mutu wa slider sukukhudza ekizozi, pakuti Delrin imasungunuka pa madigiri pafupifupi 175 ndipo UHMW imasungunuka pa kutentha kocheperapo, komanso kuti sukukugundani bondo poika phazi pansi.

Tibwere ku msewu wa kumudzi. Ma slider anapangidwira malo osalala ndi olimba. Pa mchenga, umene ndi wochuluka mukangopatuka pa tala ku Senga Bay kapena polowera ku Lifuwu, ndiponso pa dothi lamakande likanyowa, nsonga ya slider imazika pansi m'malo motsetsereka. Njinga imene imayenda chogona imaima mwadzidzidzi pamalo amodzi amenewo pomwe thupi lake lonse likufunabe kupita, ndipo zotsatira zake ndi kupindika kwa bawuti kapena kutembenuzika kwa njinga, imene tsopano imaonongeka mbali zonse ziwiri pamodzi ndi pamwamba. Zomwezi zimachitikanso pa misewu ya tala yomwe, njinga ikatsetsereka n'kukafika m'mphepete pamene tala anagumuka, kapena pa dzenje, ndipo amene amayenda pa M5 kulowera ku Nkhotakota akudziwa kuti malo otere sasowa. Ichi ndi chifukwa chachiwiri chokondera ma slider aafupi, a nsonga yotakata ndi yobulungira, osati yowonda kapena ya m'mphepete mwakuthwa, pakuti yobulungira imatha kukwera pa chopinga chaching'ono pamene yakuthwa imakodwa.

Mwina mungaganize zomawachotsa popita kumudzi ndi kuwabwezera pobwera. Sindikulangizani kutero, chifukwa kumasula ndi kumanga bawuti ya injini kawirikawiri kumatha mazinga, ndipo tsiku lina mudzaiwala kulimbitsa. Chimene chimachititsa slider kukhala yoopsa pa dothi ndi liwiro. Mukagwa pa mchenga mukuyenda pang'onopang'ono, njinga imangogona pomwepo, ndipo slider siiononga kanthu. Ninja 300, ndi matayala ake a pa tala ndi mimba yake yotsika, si njinga yothamanga nayo pa msewu wa fumbi ngakhale ikanakhala yopanda ma slider.

Kwa ena amene akuwerenga yankho lino ali ndi njinga za kabaza monga Boxer, Lifo kapena King Lion, kapena za alangizi monga Yamaha DT125, nkhani yake ndi ina. Njinga zimenezi n'zopepuka, zilibe mapulasitiki akuluakulu a m'mbali, zimayenda kwambiri pa dothi, ndipo zimagwa pa liwiro lochepa zitalemedwa ndi katundu. Zimene zimaziyenera ndi ma crash bar, mapaipi opindika ozungulira kutsogolo kwa injini, amene zambiri mwa izo zimabwera nawo kale. Paipi yopindika imagona pa dothi ndi mbali yaikulu, siizika, ndipo imasiya mpata woti mwendo usapanikizike pansi pa injini. Ntchito imeneyi ndi imene wowotcherera waluso angaigwire bwino, malinga paipiyo ikhale yopanda nsonga, isatambalale mopitirira mahandulo, ndipo imangidwe ku felemu ndi mabawuti osati kuwotchereredwa.

Kubwerera kwa inu bambo, thabwa lija lidzakuonetsani malo ena ofunika chitetezo. Pambuyo pa ma frame slider, ndalama zotsatira ndingaziike pa zotchingira zivundikiro za injini, zimene zimavala pamwamba pa zivundikiro zenizenizo, monga zimene kampani ya GB Racing imapanga. Ubwino wake ndi wakuti sizitulukira kunja, choncho sizikodwa pa dothi, ndipo kwa munthu woyenda misewu yosakanikirana ngati inu ndimaziona zofunika pafupifupi mofanana ndi ma slider enieniwo. Timitu ta kumapeto kwa mahandulo timateteza chokokera mafuta ndi zogwirira buleki ndi kilachi, ndipo n'totsika mtengo. Tina timene timamangidwa pa ekiselo ya tayala lakutsogolo timateteza miyendo ya foloko, koma timeneto tingadikire. Ekizozi ya njinga yanu ili kumanja ndipo idzakandika ndithu mukagwera mbali imeneyo, zimenezo zivomerezeni.

Pogula, makampani amene akhala akupanga zinthuzi kwa nthawi yaitali ndi monga R&G ya ku England, Puig ya ku Spain, ndi Woodcraft komanso Shogun za ku America. Sindikunena kuti ena onse ndi achabe, koma awa amapanga ma slider a njinga iliyonse payokha ndipo amapereka pepala la malangizo ndi mabawuti oyenera. Uzani wogulitsa dzina lonse la njinga ndi chaka chake. Ninja 300 inagulitsidwa m'mayiko ambiri kuyambira 2013 mpaka 2017, ndipo Ninja 400 imene inabwera mu 2018 ili ndi felemu ina, choncho ma slider ake sangalowe pa yanu ngakhale maina akufanana. Chilichonse cholembedwa kuti chimakwana pa njinga zonse chisiyeni, chifukwa kutalika kwa bawuti ndi kwa tsinde kumasiyana pa njinga iliyonse. Funsaninso ngati mutu wa slider umagulitsidwa pawokha, kuti ukadyeka musadzagulenso zonse. Ngati mukuitanitsa kuchokera ku Johannesburg, werengerani ndalama zonyamulira ndi msonkho wa MRA musanayerekeze mitengo, ndipo mupemphe chithunzi cha katundu weniweniyo choonetsa m'kati mwa bowo ndi pamutu pa mabawuti, chifukwa zachinyengo zolembedwa maina a makampani odziwika zilipo zambiri pa intaneti. Kuonjezera apo, inshulansi ya third party imene ambiri timadula siilipira kuonongeka kwa njinga yanu, choncho chilichonse chosweka chidzatuluka m'thumba mwanu. Thupi lanu ma slider salidziwa: helemeti yomanga bwino, magolovesi, jekete yolimba ndi nsapato zophimba akakolo zigulidwe ma slider asanagulidwe ngati ndalama sizikukwanira zonse.

Popeza njinga yanu inagwirapo ntchito kwa munthu wina, musanaitanitse kanthu chotsani mapulasitiki a m'mbali muone malo amene mabawuti a injini alowa. Penti yosupuka mozungulira bowo, chizindikiro cha kuwotcherera, bawuti yosiyana ndi inzake ya mbali inayo, kapena mazinga amene anakonzedwapo, zonsezi zikusonyeza kuti njingayo inagwapo kale ili ndi ma slider kapena inakonzedwapo pamenepo, ndipo malo ofooka kale sayenera kusenzetsedwa slider asanaonedwe ndi amakaniko odziwa. Zomwezi muzichite nthawi iliyonse njinga ikagwa ikuyenda: masulani slider ya mbali imene yagwera, gubuduzani bawuti pa galasi kapena pa tebulo losalala, ndipo ikapezeka yopotoka ngakhale pang'ono itayeni, musaiwongole ndi hamala, chifukwa bawuti yolimbitsidwa ikapindika n'kuwongoledwa imakhala itafooka. Mukamanga zatsopano, lembani kamzere ka penti kochokera pa mutu wa bawuti kufika pa chitsulo chimene yakhalapo. Mukabwera ku ulendo woyamba wa ku Lilongwe, injini itazizira, suzumirani ndi tochi muone ngati kamzereko kakadali kolunjikana, ndipo muzichita chimodzimodzi nthawi iliyonse imene mukusintha oyilo.